Sindinapise Dzanja mu Buloko Naini

Tiyamike, mwezi watha unabwera kuno ku Manja n'kundionetsa pa foni yako nkhalango za ku Canada zikuyaka. Unati akunena kuti kumeneko moto umatha kubisala pansi pa nthaka nyengo yonse yozizira, dziko litakwiririka ndi sinoo, kenako n'kudzadzuka dzuwa likabwerera ndi mphepo youma. Unaseka. "Adadi, inu mwakalambira m'mitengo. Moto ungagone ngati munthu?" Ine ndinati tiyi wanga wazizira, ndinanyamuka kupita kukhitchini, ndipo sindinabwererenso pampando. Iwe unayesa ndi ukalamba. Sunali ukalamba. Mutu uno ndikulembera iwe ndi mlongo wako Yohane, ndipo muwerenge mpaka pomaliza musanandiimbire foni.

Juni, chaka changa choyamba

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku kampani ina imene inali ndi nkhalango ya mapaini paphiri la kuseri kwa Limbe. Ndinafika ndi satifiketi ya JC, nsapato zobwereka, ndi mutu wodzaza matama. Anandipereka m'manja mwa kapitawo, a Nakhumwa, bambo wamfupi wa mapewa otambalala, amene makolo awo anachokera ku Mozambique ngati agogo anu. Akakondwa ankayankhula Chinyanja, akapsa mtima Chilomwe, ndipo Chilomwe changa chinakula kwambiri chaka chimenecho.

Nkhalangoyo inagawidwa m'mabuloko, iliyonse ndi nambala yake. Pakati pa mabuloko ndiponso m'malire munkadutsa mafayabuleki, misewu yolambulidwa mpaka dothi, yoti moto ukafika pamenepo usowe chodya. Mu Juni tinkatentha dala udzu wa m'mbali mwake usanaumitsitse. Tsiku lina moto wathuwo unadumpha n'kulowa pang'ono pansi pa mapaini. Tinaumenya ndi nthambi zaziwisi, ndipo sunachedwe kutha. Ine ndinaponya nthambi yanga uko n'kunena kuti, "Wazima, madala. Tiyeni."

"Wakuuza ndani?" anafunsa a Nakhumwa.

"Si ndikuona? Utsi palibe."

"Maso akowo ndi a JC. Pinda malaya."

Anandigwaditsa pamalo pakuda paja, anagwira mkono wanga n'kuupisa m'masamba a paini mpaka dzanja lonse linabisika. Pansi panali pozizira, ponyowa. "Uwu wazimadi," anatero. "Koma tsopano ndiye wadziwa, poyamba paja umangoganiza. Moto sufunsidwa ndi maso. Ukazimitsa uzungulire malo onse, upise dzanja pachitsa chilichonse. Likatuluka lozizira paliponse, ndiye ukadye."

Zimene anandiphunzitsa zaka zotsatira sindinazipeze m'buku lililonse la kuofesi. Masamba a paini akagwa saola msanga, amaunjikana chaka ndi chaka mpaka kukhala ngati matiresi. Pamwamba pake pamauma ndi dzuwa la ola limodzi, koma pansi pamatenga miyezi. Ndiye machesi amodzimodzi amabala moto wosiyana. Mu Juni moto umangonyambita pamwamba, mitengo n'kutsala yamoyo. Mu Okutobala, matiresi aja atauma mpaka pansi, umadya mpaka mizu, ndipo ukapeza mphepo umakwera kunsonga n'kumalumpha mtengo ndi mtengo. Za mphepo ankati phiri limapuma: masana mpweya umakwera, dzuwa likapendeka umatsika. Koma chimene ankadana nacho kwambiri chinali chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu ija imatizizira kuno ku Blantyre. "Chiperoni n'chabodza," ankatero. "Chimanyowetsa chipewa, mutu n'kutsala wouma."

Zaka za Bwana Chimbalanga

Patapita zaka khumi ndi zingapo, kampani inafuna kapitawo wolemba malipoti m'Chingerezi, ndipo mpando wa a Nakhumwa unaperekedwa kwa ine. Iwo sanadandaule. Anangosintha kaitanidwe: "iwe" uja anatha, ndinasanduka "a Kapitawo". Zinandichititsa manyazi miyezi iwiri, kenako zinayamba kundikomera.

Nthawi yomweyo tinalandira manijala watsopano, Bwana Chimbalanga. Ofesi yawo inali m'tauni mu Blantyre, nyumba ku Namiwawa, ndipo kuphiri ankabwera Lolemba lokha, n'kuima pamwala kuti nsapato zisade. Sindikuti anali munthu woipa. Mitengo ankaidziwa, koma ya papepala. Mtima wawo wonse unali pa Buloko Folo, mapaini akuluakulu owongoka amene anatsala chaka chimodzi kuti adulidwe. Mlendo aliyense wa kampani ankapita naye kumeneko kukajambulitsa.

Zinali zaka za mizere italiitali pamalo omwetsera mafuta. Thalakitala yathu yokoka thanki ya madzi inakhala yosayenda mpaka udzu unamera pansi pake, chifukwa dizilo ankapita ku malole a matabwa. Magambutsi ankabwera peyala imodzi pa anthu awiri, mukagawane nokha masiku. Anthu ogwira ntchito anachepetsedwa mpaka tinatsala khumi ndi mmodzi. Pamene ife tinkachepa, tauni inkakwera phiri. Nyumba zinamangidwa kumunsi kwa Buloko Folo mpaka zinafika pafayabuleki penipeni, zina za malata opanikizidwa ndi miyala, zina za udzu, mipanda ya mapesi, matumba a makala pakhonde. Akuluakulu amati moto umapita kumene kwatsala tchire. Kwa ife kumene kunatsalako kunali makomo a anthu.

Ogasiti

Chaka chimene ndikufuna kukuuzanichi mvula inasiya msanga. Pofika Ogasiti, a Nakhumwa ankati akapisa dzanja pansi pa mapaini amatulutsa fumbi lokhalokha.

Lachiwiri lina osaka mbewa anatentha udzu kumtunda, ndipo moto unalowa mu Buloko Naini, imene ili pamwamba pa Folo. Sunali waukulu. Tinalimbana nawo mpaka cha m'ma folo koloko, unatha. A Nakhumwa kunalibe, anali kumaliro ku Phalombe. Mu Naini tinali titapatuliramo mitengo chaka chapitacho, choncho zitsa zinalimo zambiri, ndipo kuzungulira zonse inali ntchito ya tsiku lathunthu. Ndinati tidzazungulira mawa.

Mawa lake kunacha ndi chiperoni. Phiri silinkaoneka, nkhungu inali tho, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndinaima pakhomo la shedi nditavala jekete yanga yatsopano, n'kumaonerera madzi akudontha kumalata. Foni inalira. Anali Bwana Chimbalanga, akufuna anthu onse akakweze zipika chifukwa lole inali itadikira kale.

"A Mateyu, moto uja wazima?"

Ndinaganiza za kugwada m'phulusa lonyowa, chitsa ndi chitsa, m'kuzizira kumene kuja. Ndinayang'ananso jekete.

"Wazima, bwana. Ndi mvula iyi ungatsale?"

Mu lipoti ndinalemba kuti wazimiratu. Chiperoni chinawaza masiku atatu, ndipo tsiku lililonse mtima wanga unkakhazikika pang'ono. A Nakhumwa atabwera kumaliro anaona malo opserera aja n'kundifunsa pamaso pa anyamata onse, "Munazungulira, a Kapitawo?"

"Tinazungulira," ndinatero.

Anandiyang'ana m'manja, kenako ananyamula chikwanje chawo. Ana anga, sindikufuna mudzanene kuti bambo anu anaiwala. Sindinaiwale. Ndinachita ulesi, ndinaopa kuzizira, ndipo atandifunsa ndinanama.

Seputembala

Panapita masabata atatu. Kutentha kunafika kwenikweni, milomo kung'ambika, thambo kuchita mbuu ndi fumbi. Ukayenda pansi pa mapaini, masamba ankalira kuphazi. Lachinayi lina titangomaliza kudya masana, mlonda wa pansanja yoonera moto anayamba kumenya chitsulo chosalekeza. Nditatuluka ndinaona utsi mu Naini, pamalo omwe aja. Kunalibe osaka mbewa, kunalibe munthu aliyense kumeneko. Ndinadziwa kuti ndi moto womwe uja.

Tinathamanga ndi nthambi zathu, koma titafika tinangozigwira ngati maluwa. Uwu sunali moto wa mu Juni. Unkalira ngati lole ikukwera chitunda, unali utafika kale kunsonga za mitengo, ndipo kutentha kwake sikunkalola munthu kuyandikira. Mphepo inkaukankhira kumtunda, kutali ndi nyumba. Anyamata ena anati bola, ukathera kumiyala ya pamwamba. A Nakhumwa anatapa fumbi, analiwaza m'mwamba, n'kuyang'ana kumene likupita.

"Nthawi ili bwanji, a Kapitawo?"

"Hafu pasiti thuu."

"Pofika faifi mphepo itembenuka. Moto utsika, ulowa mu Folo. Mitengo ikuluikulu ija iupatsa miyendo, fayabuleki ya kumunsi ija uilumpha ngati ngalande. Nyumba zija zipita."

"Ndiye titani, madala?"

"Tiyatse wathu. Tiyambire pafayabuleki ya kumunsi panopa, mphepo ikadali kukwera. Wathuwo udye Folo chokwera, akakumane kumtunda. Winawo potsika upeze mbale yotsuka kale."

"Titenthe Folo? Ndi manja athu?"

"Folo wapita kale. Funso n'lakuti apita yekha kapena ndi nyumba." Anapukuta thukuta ndi chipewa. "Koma ine si kapitawo. Machesi ali ndi inu."

Ndinaimbira Bwana Chimbalanga. Anali atamva kale, ali m'galimoto, atapanikizika pamzere wa magalimoto potuluka m'tauni. Ndinafotokoza mwachangu za mphepo.

"Mwapenga kodi?" anakuwa. "Zaka zonse zija tasamala mitengo imeneyo, inu mukaiyatse? Musayerekeze. Ndikufunafuna galimoto ya madzi. Dikirani."

"Bwana, galimoto siingakwere kuno, ndipo mphepo siidikira."

"A Mateyu, mukayatsa machesi mu Folo, mawa musabwere kuntchito. Mwandimva?"

Foni inaduka. Tinatsikira kufayabuleki ya kumunsi, anyamata anaima pamzere, aliyense akundiyang'ana. Ndinaganiza za iwe Tiyamike, uli Folomu Thuu, ndi iwe Yohane, uli Sitandade Sikisi. Ndinaganizanso kuti mwina lero mphepo siitembenuka, mwina a Nakhumwa akalamba. Anthu amene anadzasimba nkhaniyi pambuyo pake amati ndinalamula nthawi yomweyo ngati msilikali. Si zoona. Ndinaima pamenepo mphindi zoposa makumi awiri, bokosi la machesi lili m'thumba. Ndinali ndi mantha oti sindinawamvepo chibadwire.

Kumunsi kwathu anthu anali atayamba kutulutsa katundu, matiresi pamutu, ana kumsana, mbuzi zikulira. Nyumba yoyamba penipeni, imene mpanda wake unkakhudza fayabuleki, inali ya mayi Nachisale, amene tinkagulako mandasi m'mawa. Anakwera mpaka pamene tinaima, chitenje chili m'manja.

"Abambo inu, mukungoyang'ana? Amuna anga sayenda, ali gone m'nyumbamo chaka chachiwiri. Ndiwanyamula bwanji ndekha? Nenani, tithawe kapena tikhale?"

Ndinayang'ana utsi, ndipo ndinaona kuti sukupendekeranso kumtunda ngati poyamba, wayamba kuima chilili. A Nakhumwa anauonanso. Sanandiyang'ane n'komwe.

Machesi atatu oyamba anathyoka m'manja mwanga. Achinayi anayaka. Tinamanga miuni ya udzu n'kuthamanga nayo m'mphepete mwa Folo, ena kumanja, ena kumanzere. Ndinakuwira anthu a m'nyumba zija kuti asiye katundu, abwere ndi zidebe ndi nthambi, aime pafayabuleki, aphe kamoto kalikonse kodumpha. Anabwera, amayi ndi abambo, ena opanda nsapato. Moto wathu unayamba mwaulesi, ukukwawa, ndipo ndinati tachedwa, ndawapha anthuwa ndi kudikira kwanga. Kenako unagwira matiresi a masamba aja, mphepo yotsala inaunyamula, n'kuyamba kukwera. Ndinaona mitengo ya Bwana Chimbalanga ikuyaka umodziumodzi, ndipo misozi inkatsika, kaya ya utsi kaya ya chiyani.

Moto wathu ndi moto uja anakumana itadutsa hafu pasiti folo. Kunamveka chimkokomo, nthaka inanjenjemera, mbaliwali za moto zinagwa ngati mvula. Denga la kakhitchini kena linagwira, anthu analithira madzi. Mpanda wa mayi Nachisale unapsa mbali imodzi. Kenako mphepo inangoti zii. Posakhalitsa ndinamva kampweya kakundiwomba kumaso kuchokera kumtunda, kodzaza phulusa. Mphepo inali itatembenuka, monga ananenera a Nakhumwa, ndipo inakula. Moto unayesa kutsika nayo, koma unapeza pansi pakuda kale. Palibe nyumba imene inapsa.

Anthu akululutira, a Nakhumwa anatenga anyamata awiri n'kukwera m'mbali mwa Naini kukaona kuti moto usatizembere chakumbali. Sipanapite nthawi, mmodzi wa anyamatawo anatsika akukuwa. A Nakhumwa anaponda pamalo ooneka ngati phulusa wamba, ndipo mwendo unalowa mpaka m'bondo. Pansipo panali dzenje la makala okhaokha, pamene chitsa ndi mizu yake zinakhala zikunyeka mobisa masabata atatu aja. Gambutsi inasungunukira pamwendo. Tinawanyamula pachitseko cha nyumba ina mpaka kumsewu, ndipo dalaivala wa minibasi anatsitsa anthu ake onse n'kuthamanga nafe kuchipatala. Njira yonse sanalire. Ankangotukwana m'Chilomwe chapansipansi.

Masabata otsatira

Bwana Chimbalanga anachita zimene analonjeza, anandiimitsa ntchito. Koma sabata isanathe, anthu a m'nyumba zija anapita gulu kuofesi m'tauni, atatsogozedwa ndi mkulu wa mpingo, kukathokoza kampani chifukwa chopereka mitengo yake kuti anthu apulumuke. Bwana anawalandira ndi tiyi. Lolemba lotsatira ndinaitanidwa kuti ndibwerere. Lipoti lalikulu linati motowo unayatsidwa ndi anthu osadziwika. Ndinawerenga mawu amenewo kawiri, n'kusayina.

Kuchipatala ndinapita tsiku lachisanu, chifukwa masiku anayi oyambawo ndinkafika pageti n'kubwerera. Ndinawapeza a Nakhumwa atagona, mwendo uli m'mabandeji. Anauza akazi awo kuti akatunge madzi.

"A Kapitawo, bweretsani dzanja."

Ndinawapatsa. Analitembenuza uku ndi uku.

"Simunapise."

"Sindinapise, madala."

"Ndinadziwa tsiku lomwe lija. Munthu wozungulira zitsa amakhala ndi zikhadabo zakuda sabata yathunthu. Zanu zinali zoyera ngati za abusa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanatha kupita ndekha kukapisa. Koma ndinati anyamata akandiona, adziwa kuti kapitawo wawo wanama. Ndinakusungirani ulemu, ndinasiya moto. Ndiye mwendowu tagawana, musautenge wonse."

Ndinalira pamenepo, wodi yonse ikuona. Ndinati ndikupita kwa bwana kukanena zonse.

"Mukanena, khungu limera? Ana anu azidya chilungamo chanucho? Khalani pantchito. Muziwaphunzitsa anthu kugwada."

Ndinamvera, ndipo sindikudziwa mpaka lero ngati ndinamvera chifukwa cha ulemu kapena chifukwa zinandikomera. A Nakhumwa sanabwererenso kuphiri. Anayenda ndi ndodo zaka zawo zonse zotsala, ndipo sanauze munthu, ngakhale akazi awo. Ine ndinagwira ntchito mpaka kupuma, ndipo palibe moto umene ndinauchokera osazungulira, kaya kugwe chiperoni kaya matalala. Anyamata anandipatsa dzina lakuti Pisadzanja. Ankayesa ndi nkhanza za ukalamba.

Pali chinthu chimodzi chimene mukuchikumbukira nonse awiri, chifukwa mumachisimba pa Khirisimasi iliyonse. Lamulungu lina mayi Nachisale anafika kuno ku Manja, tambala wofiira ali kukhwapa. Anagwada pakhonde pano n'kunena kuti amuna awo ali moyo chifukwa cha ine. Amayi anu anaphika tambala uja ndi mpunga. Yohane, iwe unalandira ntchafu, ndipo mawa lake unauza sukulu yonse kuti bambo ako anagonjetsa moto ndi moto unzake. Ine sindinadye, ndinati m'mimba mwandivuta. Amayi anu ndinawauza zoona patapita zaka zambiri, atayamba kudwala. Sanandikalipire. Anangoti ana ndidzawauze ndekha, iwo sandinyamulira katundu ameneyu.

Ndiye Tiyamike, unafunsa ngati moto umagona. Wa ku Canada sindikuudziwa. Wa mu Naini unagona masabata atatu pansi pa chitsa chimodzi, ndipo dzanja limene likanaupeza ndi lomwe likulemba panoli.

Mwana wamkazi wa a Nakhumwa amakhala ku Nkolokosa, amagulitsa kaunjika. Akandiona mumsewu amandigwadira, amati ndine amene ndinanyamula bambo ake pachitseko. Zina zonsezi sakuzidziwa. Loweruka likubwerali ndikufuna mundiperekeze kwawo nonse awiri, chifukwa ndekha ndikafika pageti ndibwerera, ndimadzidziwa. Yohane, podutsa ku Limbe ugule tambala. Akhale wofiira.